Kodi mageji awiri angandiuze kuchuluka kwa madzi oyenda mu jekete ya thanki?

Funso lachokera kwa mnzathu amene amasamala makina pa fakitale ina yaing'ono yokonza zakudya ku Kanengo. Akuti: "Tili ndi thanki ya malita 5,000 yokutidwa ndi jekete momwe mumadutsa madzi oziziritsira. Madziwo amalowera pansi, pa paipi ya mainchesi 2, n'kutulukira pamwamba, mamita 2 kuchokera polowera. Geji yoyezera pulesha ya polowera ikuonetsa 2.6 bar, ya potulukira 1.9 bar. Mita yoyezera madzi tilibe. Masiku ano katundu akuchedwa kuzizira. Kodi ndingadziwe bwanji madzi amene akudutsa pogwiritsa ntchito manambala awiriwa?"

Achimwene, n'zotheka, koma manambala awiriwo paokha sangakuuzeni. Kutsika kwa pulesha kumabadwa ndi zinthu ziwiri pamodzi: kuchuluka kwa madzi ndi kuthina kwa njira imene akudutsamo. Madzi ambiri m'njira yotakata ndi madzi ochepa m'njira yotsekeka angathe kuonetsa nambala imodzimodzi pa geji. Choncho ntchito yanu yeniyeni ndi kudziwa kuthina kwa jekete yanu. Mukakudziwa, mageji aja amasanduka mita.

Tiyambe ndi 0.7 bar imene mwapeza pochotsera 1.9 pa 2.6. Nambala imeneyo siyonse imene ikunena za kuyenda kwa madzi. Madzi ndi olemera. Ngakhale ataima osayenda, geji ya pansi idzaonetsa zambiri kuposa ya pamwamba chifukwa yasenza madzi onse ali pamwamba pake. Mita iliyonse yokwera ndi 0.098 bar, kapena kuti mamita 10.2 a madzi ndiwo bar imodzi. Kwa inu mamita 2 aja adya pafupifupi 0.2 bar. Yotsala, yomwe yatayika chifukwa cha kukhulana kwa madzi ndi makoma ndi kukhota kwa njira, ndi 0.5 bar. Amene waiwala kuchotsa 0.2 imeneyi yankho lake limakwera ndi pafupifupi 18 peresenti. Ndipo kutalika koyeza ndi kwa pakati pa mageji enieniwo, osati pakati pa makomo a jekete.

Tsopano mageji. Apa ndi pamene ndimadera nkhawa kwambiri. Tayang'anani pankhope ya geji yanu: kawirikawiri pamalembedwa kanambala monga 1.6 kapena 2.5. Kanambalako kakutanthauza kuti geji ingaphonye ndi maperesenti amenewo a muyeso wake wonse, osati a nambala imene ikuloza. Geji yolekezera pa 10 bar ya gulu la 1.6 imaloledwa kuphonya ndi 0.16 bar ngakhale ili yatsopano. Awiri akaphonya mosemphana, mwaphonya ndi 0.32 bar pa nambala imene yonse ndi 0.5. Ndiye kuti kutsika kwenikweni kungakhale paliponse pakati pa 0.18 ndi 0.82 bar, ndipo madzi angakhale ochepa ndi magawo anayi mwa khumi, kapena ochuluka ndi pafupifupi magawo atatu mwa khumi, poyerekeza ndi zomwe mwawerengera. Nanga geji imene yakhala zaka ikunjenjemera pafupi ndi pampu?

Pali njira ziwiri zotsika mtengo zothetsera zimenezi. Yoyamba: tsiku lina thanki ili yozizira, imitsani madzi jekete ili yodzaza, muwerenge mageji onse awiri. Kusiyana kumene mwaona madzi ataima ndiko kulemera kwa madzi pamodzi ndi kuphonya kwa mageji. Lembani, ndipo nthawi zonse muzichotsa nambala imeneyo. Yachiwiri ndiyo ndimaikonda: gwiritsani geji imodzi yokha, yolekezera pa 4 bar ngati pulesha yanu siipitirira 3. Ikhale malo amodzi, mutenge timapaipi tiwiri, kena kochokera polowera, kena potulukira, kalikonse ndi kavalavu kake. Tsegulani kamodzi, werengani, tsekani, tsegulani kenako. Timapaipito tikakhala todzaza madzi popanda mpweya, kulemera kwa madzi kumadzichotsa kokha, ndipo kuphonya kwa geji kumakhala kofanana mbali zonse.

Chenjezo, chifukwa apa anthu amaononga thanki. Musatseke potulukira pa jekete pamene pampu ikukankha madzi musanaone kachitsulo kolembedwa kamene wopanga anakhomera pa thankiyo. Pamenepo pamalembedwa pulesha imene jekete ingapirire. Khoma lamkati la thanki limalimba likamakankhidwa kuchokera mkati, koma likafinyidwa kuchokera kunja limapindika ngati chitini chopondedwa. Komanso musatsekere madzi mu jekete mbali zonse ziwiri mkati muli katundu wotentha. Madzi otsekeredwa akatenthedwa amafufuma, alibe kopita, ndipo pulesha imakwera msanga moopsa.

Lamulo lomwe tikudalira ndi ili: madzi akamayenda movunduka, monga amachitira m'mapaipi a pa fakitale, kutsika kwa pulesha kumakwera ngati kuchuluka kwa madzi kuchulukitsa ndi iko komwe. Madzi akawirikiza kawiri, kutsika kumawirikiza kanayi. Akawirikiza katatu, kasanu ndi kanayi. Pa pepala timalemba lamulo la Darcy ndi Weisbach, kuphatikizapo zotayika pa zigongono ndi pa makomo:

ΔP = (f × L ÷ D + K) × ρ × v² ÷ 2

ΔP ndi kutsika kwa pulesha m'mapascal (muyeso waung'ono wa pulesha), L kutalika kwa njira, D kukula kwake, f nambala ya kukhulana, K zotayika zonse za pa zigongono, polowera ndi potulukira, ρ kulemera kwa madzi komwe ndi pafupifupi makilogalamu 1,000 pa kiyubiki mita, ndipo v ndi liwiro la madzi.

Simunandiuze mtundu wa jekete yanu, ndipo yankho lonse lagona pamenepo. Pitani mukaione, kapena mufunefune zojambula za wopanga.

Ngati kunja kwa thanki kukuoneka paipi yong'ambidwa pakati, yowotcheredwa mozungulira ngati njoka yokwera mtengo, muli ndi mwayi, chifukwa imeneyo imawerengeka. Tiyerekeze kuti thanki yanu ndi yotakata mamita 2, paipi yong'ambidwayo ndi ya mainchesi 3, mkati mwake mamilimita 78, ndipo yazungulira maulendo 10. Kuzungulira kumodzi ndi mamita 6.3, ndiye njira yonse ndi mamita 63. Khomo lake ndi theka la bwalo, 0.0024 sikweya mita. Popeza njirayi si yobulungira, D amene timaika m'lamulo ndi 0.61 kuchulukitsa ndi mamilimita 78, kutipatsa pafupifupi mamilimita 48. Pa f nditenga 0.025, poganizira kuti chitsulo chagwirapo ntchito ndiponso njira yokhota imakhula kuposa yowongoka. Pamenepo f × L ÷ D ndi 33. Onjezani 3 wa makomo ndi zigongono, zakwana 36. Pulesha ya 0.5 bar ndi mapascal 50,000. Mukasanthula lamulo lija mupeza liwiro la mamita 1.67 pa sekondi. Chulukitsani ndi khomo: pafupifupi malita 4 pa sekondi, kapena makiyubiki mita 14 pa ola.

Nambala imeneyo musaimangire mfundo. Ndikadatenga f wa 0.02 ndikadapeza 16, wa 0.035 ndikadapeza 12. Komanso jekete zambiri zotere zimagawidwa m'magawo awiri kapena atatu, lililonse ndi khomo lake, madzi n'kumayenda limodzi m'magawo onsewo. Ngati yanu ili choncho, werengerani gawo lililonse palokha, kenako muwonkhetse.

Koma ngati jekete yanu ndi wamba, khoma lachiwiri losalala lokuta thanki ndi mpata pakati, nkhani yasintha kwathunthu. Tinene kuti mpatawo ndi mamilimita 50. Khomo lomwe madzi akukwereramo ndi pafupifupi 0.32 sikweya mita, kuposa la paipi ya mainchesi 2 maulendo oposa 140. Malita 4 pa sekondi m'mpata wotere amayenda sentimita imodzi ndi pang'ono pa sekondi, ngati madzi a m'dambo. Palibe pulesha yoti n'kuiona pa geji imene imatayika m'menemo. Yotayika ili pa makomo awiri okha, ndipo pa madzi amenewa siifika 0.03 bar. Kuti makomo okhawo adye 0.5 bar, madzi ayenera kuthamanga mamita 8 pa sekondi m'paipi, makiyubiki mita oposa 60 pa ola, zomwe sindingakhulupirire pa paipi ya mainchesi 2. Ndiye ngati jekete ndi wamba koma mukuona 0.5 bar, chimene chikudya pulesha si jekete. Tsatirani paipi ndi dzanja kuchokera pa geji yoyamba mpaka pa yachiwiri. Mupeza sefa, valavu yotseguka theka, valavu yoletsa madzi kubwerera, kapena khomo lodzaza dzimbiri. Pa matanki ena, makamaka opakidwa galasi mkati, polowera pamaikidwa dala timanozo tolavula madzi mwamphamvu kuti azizungulira mu jekete. Kumeneko pulesha yambiri imathera pa timanozoto, ndipo wopanga amakhala ndi tchati chosonyeza madzi odutsa pa pulesha iliyonse.

Pali zina zokhala ndi mpanda wozungulira mkati mwa mpata, womwe umakakamiza madzi kuyenda mozungulira. Zimenezi mungawerengere ngati ngalande yamakona anayi, koma madzi ena amazembera pansi pa mpandawo, choncho odutsa enieni amaposa a pa pepala. Zina ndi za timaenje, zooneka ngati matiresi. Zimenezo musavutike nazo kuwerengera, funsani tchati cha wopanga kapena yezani.

Kuyeza ndiko ndikanachita ine ndikanakhala inu, ndipo sikufuna ndalama. Pezani mgolo wa malita 200 umene mukuudziwa bwino muyeso wake, ndi wotchi ya pa foni. Masulani paipi yobwerera, imene imatenga madzi otuluka mu jekete, mulumikize hozi yaikulu ndithu yolowera mu mgolo. Wina adzati: "Mukamasula paipi yobwerera madzi asintha mayendedwe, ndiye muyeza zabodza." Akunena zoona kuti asintha, koma zilibe kanthu. Chomwe mukufuna si madzi a tsiku limenelo ayi. Mukufuna manambala awiri otengedwa nthawi imodzi: madzi odutsa ndi kutsika kwa pulesha pa mphindi yomweyo. Ikani valavu pa hoziyo, kutsogolo kwa geji yachiwiri, kuti jekete ikhale yodzaza ndiponso muzitha kusintha madzi.

Tinene kuti mgolo wadzaza m'masekondi 50 kutsika kuli 0.5 bar. Ndiwo malita 4 pa sekondi, makiyubiki mita 14.4 pa ola. Gawani 14.4 ndi square root ya 0.5 (nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 0.5), yomwe ndi 0.707, mupeza 20.4. Imeneyo ndiyo nambala ya jekete yanu, yofanana ndi Kv imene opanga mavalavu amalemba pa katundu wawo. Kuyambira pamenepo, madzi odutsa ndi 20.4 kuchulukitsa ndi square root ya kutsika kwa pulesha. Tsiku lina mukaona 0.3 bar, madzi ndi makiyubiki mita 11.2 pa ola. Bwerezani kuyezako katatu, valavu ili potseguka mosiyanasiyana. Nambala ija ikamatuluka yoyandikana, mwagwira bwino. Ikamabalalika, muli mpweya mu jekete kapena geji ili ndi vuto. Lembani tchati, muchikute ndi pulasitiki, muchimangirire pa thanki kuti ndi a usiku omwe azichiona. Chonde madzi akhale ozizira pochita zimenezi, ndipo hozi imangidwe, chifukwa malita 4 pa sekondi amamenya.

Apa pali msampha umene ndikufuna muuone bwino, chifukwa ukukhudza dandaulo lanu loti katundu akuchedwa kuzizira. Nambala ija ya 20.4 ndi ya jekete monga ilili tsiku loyeza. Njira ikamathina, nambalayo imatsika, koma geji siikuuzani. Choipa kwambiri n'chakuti pampu wamba ya centrifugal, yokankha madzi ndi mapiko ozungulira, ikapeza njira yothina, pulesha yake imakwera madzi akuchepa. Geji ya polowera imaoneka yamphamvu kuposa kale, woyang'ana n'kumati madzi alipo ambiri. Ndinazionapo pa fakitale ina komwe ndinaitanidwa. Aliyense ankaloza geji, kuti taonani pulesha ili bwinobwino, ndipo ankafuna kugula pampu yaikulu. Titamasula sefa tinapeza matope a nthawi ya dzinja ndi zidutswa za pepala la pulasitiki zochokera ku cooling tower, nsanja imene imaziziritsa madziwo ndi mpweya. Masana omwewo thanki inayambanso kuzizira pa nthawi yake.

Madzi a m'zitsime zobowola m'madera ambiri amakhala ndi laimu. Mwaona nkhoko zoyera zimene zimamatirira m'ketulo. Zomwezo zimamera mu jekete, makamaka kukhoma lotentha. Njira yobulungira ikachepa kukula ndi gawo limodzi mwa khumi, madzi odutsa pa pulesha yomweyo amachepa ndi pafupifupi 23 peresenti. Ndipo nkhokozo zimapweteka kawiri, chifukwa zimatchinganso kutentha: milimita imodzi ya laimu imatsekereza kutentha mofanana ndi mamilimita angapo a chitsulo cha stainless. N'chifukwa chake kuyeza ndi mgolo kumafunika kubwerezedwa, mwina kawiri pa chaka. Kutsika kwa nambala ija ndi umboni wabwino kwambiri woti jekete yafuna kutsukidwa.

Njira ina yotsimikizira, imene siidalira mageji n'komwe, ndi kutsata kutentha. Kutentha kumene katundu wataya kwapita m'madzi. Dzazani thanki ndi madzi malita 5,000, atenthetseni, muyatse chovundulira, mutsegule madzi oziziritsira. Tinene kuti atsika kuchoka pa madigiri 80 kufika pa 70 m'mphindi 20. Kilogalamu ya madzi imataya 4.18 kJ (muyeso wa mphamvu ya kutentha) pa digiri iliyonse. Ndiye 5,000 × 4.18 × 10 ndi 209,000 kJ, kugawa ndi masekondi 1,200, ndi 174 kW, kutanthauza 174 kJ pa sekondi. Ngati m'mphindi zimenezo madzi oziziritsira amalowa pa madigiri 25 n'kutuluka pa 35, mugawe 174 ndi 4.18 × 10, mupeza malita 4.2 pa sekondi, pafupifupi makiyubiki mita 15 pa ola. Chosavuta kukumbukira: kiyubiki mita imodzi pa ola, ikatenthedwa ndi digiri imodzi, yanyamula 1.16 kW. Yambani kuwerenga patapita mphindi zingapo, madzi otuluka atakhazikika, ndipo muzilemba kutentha kwa potulukira mphindi ziwiri zilizonse kuti mutenge kwa pakatikati. Chitsulo cha thanki nachonso chimataya kutentha kwake, kwina kumathawira mu mpweya, koma pa thanki yokutidwa bwino zimenezi ndi maperesenti ochepa. Gwiritsani choyezera kutentha chimodzi mbali zonse ziwiri. Kusiyana kukakhala madigiri 2 okha, kuphonya ndi theka la digiri ndi kuphonya ndi kota ya yankho lonse.

Kuyeza kumeneku kumayankhanso funso lomwe lili pansi pa funso lanu. Ngati madzi akutuluka otentha kwambiri kuposa kale, katundu akuchedwa, madzi ndi ochepa: fufuzani sefa, valavu, pampu. Ngati madzi akutuluka ali ozizirabe, pafupifupi monga analowera, katundu akuchedwa, madzi alipo koma kutentha sikukuwafikira. Pamenepo ganizani za nkhoko mu jekete, katundu wopserera kukhoma lamkati, chovundulira chimene lamba wake akuterereka, kapena mpweya wotsekeredwa pamwamba pa jekete umene wasiya gawo la khoma louma. M'jekete wamba madzi amathanso kudula njira yachidule kuchokera polowera kupita potulukira, mbali ina ya thanki osaikhudza. Kuonjezera pampu pa mavuto amenewa n'kutaya ndalama. Ndipo musaiwale nyengo. Mu Okutobala ndi Novembala madzi ochokera ku cooling tower amabwera ofunda kuposa a mu Juni, ndipo katundu akayandikira kutentha kwa madziwo, madigiri omaliza amachedwa kwambiri ngakhale zonse zili bwino. Ngati mumalemba kutentha kwa madzi olowa, yerekezani ndi kwa miyezi yapitayo.

Zina ziwiri mwachidule. Ngati pampu yanu imatumikira jekete iyi yokha, tchati cha pampu chingakupatseni madzi poyeza pulesha mbali zonse ziwiri za pampuyo, ngakhale pampu yotha mapiko imapereka zochepa kuposa za pa tchati. Ndipo ngati tsiku lina mudzasiye madzi n'kuyamba kugwiritsa glycol (mankhwala amadzimadzi oziziritsira) wozizira kwambiri, nambala ya mgolo ija idzasiya kugwira ntchito. Glycol wozizira ndi wonanda, angathe kuyenda mosavunduka, ndipo zikatero kutsika kwa pulesha kumakwera mofanana ndi madzi odutsa, osati mowirikiza monga tanenera.

Ngati abwana angalole ndalama pang'ono, pali mita za ultrasonic, zoyeza madzi ndi mafunde a mawu, zomangirira kunja kwa paipi popanda kudula. Zimafuna paipi yodzaza ndi yowongoka, kutalika kokwana kukula kwa paipiyo maulendo 10 kumbuyo kwa mita ndi maulendo 5 kutsogolo. Pa paipi yanu ndi pafupifupi masentimita 80 onse pamodzi. Kubwereka tsiku limodzi n'kokwanira kupanga tchati cha matanki onse a pa fakitale. Paipi ikakhala yadzimbiri kwambiri mkati mita zimenezi zimavutika, choncho sankhani gawo labwino.

Pa manambala amene mwandipatsa, ngati jekete ndi ya paipi yong'ambidwa yofanana ndi ya chitsanzo changa, ndinganene kuti madzi ali pakati pa makiyubiki mita 12 ndi 16 pa ola, malinga ngati njira ili yoyera. Popeza mukuti kuzizira kwayamba kuchedwa, kuyera kumeneko ndiko ndikukukayikira. Loweruka likubwerali, makina ataima, yambani ndi kumasula sefa, mutulutse mpweya pamwamba pa jekete, muwerenge mageji madzi ataima, kenako mgolo. Mukandilemberanso mundiuze mtundu wa jekete, masekondi amene mgolo wadzazira, kutsika kwa pulesha pa nthawi imeneyo, ndi kutentha kwa madzi polowa ndi potuluka, tidzawerengere limodzi.